Vinyo wa Chaka cha Matalala

Moni kwa inu amene mwapeza mpata wokhala nane pa tsamba lino. Ndikuyamika Mulungu amene anasunga miyendo yanga m'njira zonse zimene ndikuti ndikuuzenizi. Ndikuthokozanso inu, pakuti ife okalamba tikapeza wotimvera mtima umakhala pansi. Mayina a midzi musandifunse. Ndikamaikumbukira imalowana ngati m'maloto, mtengo wa mudzi uno n'kupezeka utamera pabwalo la mudzi wina. Koma chimene ndinanyamula ndikuchidziwa bwino, ndiponso munthu amene ndinkamufunafuna.

Ndinali wophika pa mishoni ina ya pachitunda, ndili kale munthu wa ndevu zanga. Wansembe wathu anali Bambo Remi, mzungu wa ku Falansa, wamfupi, wachifundo, koma wa mtima wapachala. Aphunzitsi a mpingo anali a Venansio Mtambalika, munthu wamtali amene ankayimba atatsinzina, uku akugogoda pachifuwa ndi chala chimodzi. Iwowa ndiwo ankasunga kiyi wa kachipinda ka kuseri kwa guwa, mmene munkakhala makandulo, nsalu ndi vinyo wa pa Misa.

Vinyoyo ankabwera m'mabokosi, mabotolo atagona m'udzu. A Venansio zimenezo sizinkawasangalatsa. Ankawatulutsa limodzilimodzi, kuwapukuta, n'kuwaimika pamwamba penipeni pa kabati, kufupi ndi malata, n'kuwafunditsa kansalu koyera.

"Zinthu za pa guwa sizigona pansi ngati zidakwa," ankandiuza. "Ziime pamwamba, mwaulemu."

Chaka china vinyo anayamba kuchepa m'mabotolo osatsegula, ndipo wotsalayo ankasasa. Bambo Remi anaitanitsa mabotolo onse kunyumba kwawo, a Venansio n'kuwabweretsa m'dengu. Lililonse linali loperewera, zitsekero zili gwedegwede ngati wina anazizula n'kuzibwezera.

"Wamwa ndani n'kuthiramo madzi?" anafunsa Bambo.

"Bambo, ine chibadwire mowa sindinaulawe," anayankha a Venansio.

Bambo anatembenukira kwa ine. Ndinali chiimire pakhomo la khitchini, chipande m'manja. "Iwe umakhala pano tsiku lonse. Ukuti bwanji?"

Ndinkadziwa kuti a Venansio ngakhale thobwa logona masiku awiri ankalikana. Koma ndinaganiza kuti akapanda kukhala iwo, diso litembenukira kwa ine. Ndinati, "Bambo, ine ndimangoona za m'mapoto."

Mawu anali ochepa, koma anakwanira. A Venansio anaika kiyi patebulo, ndipo m'mawa mwake anatsika chitunda ndi akazi awo, kamwana kakakazi kali kumbuyo. Kuyambira pamenepo Bambo Remi ankasunga mabokosi m'chipinda chawo osatulutsa mabotolo m'udzu, ndipo vinyo sanasasenso. Aliyense anati, mwaona nanga.

Zaka zinapita. Bambo anakalamba, miyendo inatupa. Tsiku lina ananditumiza kukonza m'chipinda chawo iwo ali pabedi. Ine, pofuna kuwasangalatsa, ndinatulutsa mabotolo m'udzu, kuwapukuta, n'kuyamba kuwaimika pamwamba pa kabati.

"Ukuchita chiyani?"

"Ndikuwaimika mwaulemu, Bambo, monga ankachitira aphunzitsi."

"Venansio ankawaimika? Kuti?"

"Pamwamba pa kabati, kunsi kwa malata. Zaka zonse."

Ndinaona misozi ikulowa m'ndevu zawo. "Chitsekero ichi n'cha khungwa la mtengo," anatero. "Botolo likagona, vinyo amachinyowetsa, chimatupa n'kutseka bwino. Likaima chimauma, mpweya umalowa, kutentha kumachita zotsalazo. Sanamwe munthu, mwana wanga. Anamwa ndi malata."

Pamenepo ndinagwada, ndinaulula za ine. Iwo anati, "Ndiye tilipo awiri. Koma miyendo uli nayo ndiwe. Sendeza mwala uli kunsi kwa bediwu."

Pansi pa mwalawo panali kadzenje kozizira, ndipo m'menemo munagona botolo limodzi lakuda, la mapewa otambasuka.

"Uyu si wa pa Misa," anatero. "Ndi vinyo wofiira wa m'munda wa bambo anga, m'mbali mwa mtsinje waukulu. Dothi lake ndi miyala yokhayokha, chimanga sichingamere. Chaka chimene anapangidwa, chisanu chinatentha mphukira zoyamba. Zitaphukanso, matalala anagwetsa theka. Kenaka dzuwa, miyezi itatu popanda dontho. Mipesa inatumiza mizu pansi kukafuna madzi. Kamvula kanawaza masiku awiri okha, n'kuleka. Mphesa zinali zochepa, zazing'ono, zakuda bii, za khungu lochindikala. Mkulu wanga atalawa vinyo wake ali watsopano analavula, akuti akunyung'unya ngati nthochi yosapsa. Bambo anga anati, musiyeni ameneyu, sanayambe kulankhula. Wa zaka za mvula yambiri tinamwa msanga, chifukwa sakhalitsa. Uyu anagona zaka ziwiri m'migolo yamatabwa, kenaka m'botolo. Ndinkamusungira tsiku lalikulu la unsembe wanga. Tsiku lalikulu ndi limene Venansio adzamve kuti ndinalakwa. Kamufune."

"Nanga akakhala kuti wasasa m'njira?"

"Agone, pozizira, pamdima, osamukhutchumula. Ukadzampeza Venansio, uimike botolo tsiku limodzi kuti nsenga zitsike. Ukatsegula usafulumire, umusiye apume. Akakhala wamoyo udzamva fodya wouma bwino, thabwa la mkungudza, ndi dothi la mvula yoyamba, ndipo pansi pa zonsezo mabulosi akupsa."

"Angadikire zaka zingati, Bambo?"

"Zoposa zanga. Za Venansio sindikudziwa."

Bambo Remi tinawaika m'manda mwezi womwewo. Ndinakulunga botolo m'chiguduli chonyowa, ndinalinyamula chogoneka m'manja ngati khanda, ndipo ndinatsika chitunda njira yomwe anatsikira a Venansio.

Ndinkayenda m'mawa dzuwa lisanakwere, masana n'kubisala m'mithunzi. Ndinafika m'dziko la zigafa, kumene fodya amalendewera mizeremizere mpaka kumene maso amalekera. Choyamba ndinapempha malo ozizira, chachiwiri ntchito. Amene anandipatsa zonse ziwiri anali Mai Nachisale, amene ankayang'anira osankha fodya. Botolo linagona kuseri kwa mtsuko wawo wa madzi.

Tsiku loyamba ndinasankha masamba poyang'ana mtundu. Mayiwo anagwetsa mulu wanga wonse ndi phazi.

"Achimwene, maso anuwo asiyeni kunyumba. Fodya amasankhidwa ndi zala ndi mphuno. Gwirani ili. Mukumva mmene likutanukira? Nunkhizani. Ili linakula ndi ludzu pang'ono, n'chifukwa chake lili ndi thupi. Ilo linamwa mvula mpaka kukhuta, ndi lalikulu, lokongola, koma ndi pepala."

Ndinakhala kumeneko nyengo ziwiri kapena zitatu, mpaka mphuno yanga inayamba kuwerenga tsamba ndi kundiuza mmene mvula inagwera chaka chimene linamera. Madzulo ena ndikuchokera ku chigafa ndinapeza botolo litaima pawindo, pa kansalu koluka, dzuwa likuliwomba.

"Mayi, mwandipha!" Ndinalitola msanga n'kuligoneka.

"Chinthu chokongola chotere chizigona pansi ndi mphemvu? Ndimati ndichilemekeze."

Ndinawafotokozera zonse. Atamva za munthu woyimba atatsinzina anawomba m'manja. "Aphunzitsi aja! Bwanji osanena kale? Anakhala kuno. Anatiphunzitsa nyimbo zimene timayimbabe posankha. Koma Lamulungu sankalowa m'tchalitchi, ankayimbira panja, pawindo. Anapita kumene amacheka matabwa."

Ndinafika m'tsinde mwa phiri la nkhungu, kumene macheka amalira kuyambira m'mawa. Ndinapempha malo ozizira ndi ntchito. Mmisiri wake anali a Dzimbiri, wa pamimba potukuka, wokonda kuseka ndi kumwa. Anandiphunzitsa kupala thabwa motsata mmene mtengo unakulira. Tinkapanga zitseko ndi mabokosi a maliro, ndipo iwo ankati zonsezo ndi zitseko basi. Thabwa la mkungudza ndinalidziwa ndisanaliuzidwe dzina. Ndinangolipala kamodzi, fungo linadzaza m'shedi monse, ndipo ndinakumbukira mawu a Bambo Remi.

"Mtengo wa pamwamba pa thanthwe umenewo," anatero a Dzimbiri. "Umakula pang'onopang'ono ngati mwana wamasiye. Chiswe chimaulambalala. Tsono aphwanga, mkazi wanu wa m'chiguduliyo tidzamuona liti nkhope?"

Tsiku lililonse nthabwala inali yomweyo. Koma tsiku la ukwati wa mwana wawo wamkazi sinalinso nthabwala. Anthu anabwera ochuluka kuposa oitanidwa, mowa unatha dzuwa likadali pamutu, ndipo akuchimuna anayamba kung'ung'udza. Ndikupita kushedi ndinapeza a Dzimbiri ataimika botolo langa pa benchi, akufunafuna msomali wozulira chitsekero.

"Aphwanga, ndichotseni manyazi. Tithire m'ndowa, tiwonjezere madzi ndi shuga, akulu a kuchimuna alaweko za ku Ulaya. Inu ndinu munthu wa Baibulo. Ambuye pa ukwati uja anaumira vinyo?"

"Iwo anali mwini wake, akulu," ndinatero. "Ine ndine wantchito wonyamula mtsuko."

Ndinalichotsa m'manja mwawo n'kuligoneka. Ananditukwana pamaso pa anthu, akuti ndine nkhuku yofungatira mwala, ndipo sabata yathunthu sanandilankhule. Tsiku lachisanu ndi chitatu anandiponyera kabokosi ka mkungudza, kotalika ngati mkono, koyala utuchi mkati.

"Mugonekeni umu mkazi wanuyo. Aphunzitsi anuwo ndimawadziwa. Tinapanga nawo mabenchi a tchalitchi cha kumtundaku, koma tsiku lokapereka anafika nawo pakhomo pokha, akuti alowetse ena. Anapita kuchigwa kopanda madzi. Pitani, musanandiphunzitse kusala."

Kabokosiko kanandithandiza m'njira imene sindinaiganizire. Anthu akandiona ndikubwera nako m'manja ankavula zipewa n'kupatuka, poganiza kuti ndanyamula maliro a khanda. Amayi ankagwada m'mbali mwa msewu. Poyamba ndinkafotokoza, kenaka ndinangoyamba kuwerama n'kupitirira. Palibe amene anakagwedeza, palibe amene anafunsa kuti atsegule.

Kuchigwa kopanda madzi ndinaphunzira kukumba zitsime. Munthu ukatsika mamita angapo, dzuwa limasanduka kambale koyera pamwamba pako, ndipo dothi limayamba kusintha fungo. Louma silinunkhira kanthu. Ukayandikira madzi limanunkhira ngati tsiku la mvula yoyamba, ngakhale kunja kuli chilimwe. Ndinaboola kaphanga m'khoma la chitsime china, ndipo kabokosi kanagona m'menemo, malo ozizira kuposa onse amene kanagonapo.

A Venansio anali atachoka kale. Akazi awo anamwalira konko, ndinaona manda awo. Anthu anati mwambo wonse wa maliro m'tchalitchi a Venansio anaumvera ali panja. Kumene analowera palibe ankadziwa.

Apa ndiulule kuti ndinaleka kufunafuna. Ndinakumana ndi Filomena, mayi wamasiye amene ankatibweretsera madzi akumwa kuchokera kutali, ndipo tinakwatirana. Zinali zaka zabwino. Ankaseka ndi thupi lonse, ndipo poyimba ankathamangira kutsogolo kwa anzake onse. Ndinadziuza kuti vinyo ali pabwino, adikira. Filomena yekha ndiye sankaiwala.

"Bambo a kunyumba, uja wagona m'chitsimeyu si wathu."

"Ndipita mvula ikatha."

"Kuno mvula imatha isanayambe. Mukunamiza ndani?"

Atadwala matenda omaliza, anandituma kuti nditsike ndikatenge kabokosi. Anakatsegula, anasisita botolo osalidzutsa. Ndinati mwina titsegule, alaweko, kapena angapeze mphamvu. Anandimenya padzanja.

"Munawakaniza a Dzimbiri pa ukwati kuti mudzagonje pa maliro? Munasiya munthu panja ndi mawu anu. Kamulowetseni."

Nditamuika, ndinanyamula kabokosi. Masiku amenewo anthu akavula zipewa m'njira sindinkaona ngati alakwitsa.

Ndinafika m'tauni ya misewu yowala, ndipo ndinabwerera ku mapoto, m'khitchini ya hotela ina. Kunsi kwake kunali chipinda chozizira chosungiramo zakumwa, ndipo woyang'anira anali a Sandalamu, mkulu amene anaperekera zakudya kwa alendo moyo wake wonse. Nditatsegula kabokosi, dzanja langa linali lokonzeka kuwaletsa. Koma iwo sanaliimike. Analinyamula chogoneka, manja awiri, anawerenga chaka cholembedwa pa pepala lake, n'kuvula chipewa chawo choyera.

"Madala, mukudziwa chimene mwanyamula? Ine vinyo wa chaka chalembedwa apachi ndinamuthirapo kamodzi kokha. Mlendo wake anali wolongolola, koma atamwa anakhala duu mpaka supu anazizira. Vinyo wamba amakoma pa lilime n'kutha. Wa chaka ichi umameza, n'kumayenda naye."

Anapita nalo pa kawindo, analipendeketsa pang'ono kuti kuwala kudutse. Nkhope inasintha.

"Onani apa. Anayenera kufika m'khosi, koma watsika mpaka paphewa. Chitsekero chatopa. Mtundu wake m'mbalimu wayamba kufanana ndi njerwa yootcha. Ameneyu wafika pamwamba pa phiri lake, madala. Vinyo naye amakalamba, ndipo amafa. Zamutsalira mvula ziwiri, mwina imodzi. Mwini wake ndani?"

Ndinawauza. Anaganiza pang'ono. "Wotsinzina poyimba, wogogoda pachifuwa? Kuli mayi wina amatibweretsera masamba kuchokera kudimba la kutsidya kwa mtsinje. Akamayimba amagogoda chomwecho. Ndinamufunsa, akuti anatengera bambo ake."

Anandipatsa kachitsulo kopota kozulira chitsekero, anandionetsa kalowetsedwe kake, ndi matambula awiri opyapyala okulunga m'nyuzipepala. Sindinadikire kuti mwezi uthe.

Mudzi wake unali wa madimba, wobiriwira ndi mpiru ndi anyezi. Mayiyo, dzina lake Agata, ndinamupeza akutsuka masamba pakhonde. Anali kamwana kaja kanatsika chitunda kali kumbuyo, tsopano ali ndi imvi zake. Nditanena kumene ndachokera, anaimirira n'kutseka khomo ndi thupi lake.

"Ku mishoni? Mwabwera kudzatani? Dzina lija la chidakwa cha pa guwa linatitsatira mudzi ndi mudzi. Ababa agona pamphasa chichokere Pasaka, sadzuka. Asiyeni afe mumtendere."

"Ndani ameneyo, Agata?" Mawu anachokera m'nyumba, ofooka koma omwe aja.

"Wina wa ku mishoni, ababa. Wanyamula kabokosi ngati ka maliro."

"Ngati n'kanga ndi kakang'ono. Mulowetse."

Anali atagona chagada, ataonda mpaka kutalika kwawo kokha ndiko kunatsala. Ndinagwada pafupi ndi mphasa. Anandiyang'ana nthawi yaitali.

"Iwe si wophika uja unkapsereza nyemba Lachisanu lililonse?"

"Ndine, aphunzitsi. Ndinenso uja ndinati ndimangoona za m'mapoto, pamene ndinkadziwa kuti inu simumwa. Ndinaopa. Ndabwera ndi kulakwa kwanga ndi kwa Bambo Remi. Iwo anapita, koma anandituma kuti ndidzanene kuti analakwa, ndipo analira."

"Zimenezo ndinakhululuka kalekale," anatero, akuyang'ana kudenga. "Kuti sindinamwe ndinkadziwa. Chimene sindinachimvetse n'china. Vinyo anasasadi, mwana wanga. Anachepadi. Kiyi anali ndi ine ndekha. Nditachoka, ndinamva kuti sanasasenso. Ndiye ndinati, ngati sindinamwe, ndi manja angawa. Muli china mwa ine chimene Mulungu anachiona, ndipo anakana kuti ndizigwira za pa guwa lake. Ndafunafuna tchimolo zaka zonsezi kuti ndiliulule, osalipeza. Ndiye ndimangoyimbira panja."

Agata anali atatsamira chitseko, dzanja pakamwa. Nayenso anali asanamvepo.

Ndinatsegula kabokosi. Ndinawaonetsa chitsekero, ndinawafotokozera za khungwa louma, za mpweya, za malata, monga momwe Bambo anandifotokozera. Ndinanena kawiri, chifukwa anandipempha kuti ndibwereze.

"Si manja anu, aphunzitsi. Munawaimika chifukwa cha ulemu. Botolo limafuna kugona, basi."

"Basi?"

"Basi."

Anayamba kuseka, kuseka kopanda mawu, mphasa ikugwedezeka, misozi ikutsikira m'makutu. "Zaka zonsezi panja pa windo, dzuwa, mvula, chifukwa cha kakhungwa? Ambuye, inu mumadziwa kusunga chinsinsi!"

Kenaka ndinatenga botolo, ndipo koyamba chichokere kunsi kwa bedi lija, ndinaliimika ndekha pakona pozizira.

"Aa! Wangonena kuti ligone!"

"Lero lokha liime, kuti nsenga zitsike. Mawa timutsegula."

"Ngati ndidzakhalepo."

"Mudzakhalapo. Sindinayende mtunda wonsewu kuti ndimwe ndekha."

Anakhalapo. M'mawa mwake dzuwa litakwera pang'ono ndinalowetsa kachitsulo ka a Sandalamu. Chitsekero chinathyoka pakati. Ndinapuma, ndinapemphera, ndinalowetsanso mopendeketsa, ndipo theka lotsalalo linatuluka lathunthu, lakuda, lonyowa. Ndinathira pang'onopang'ono. Mtundu wake pakati unali wakuda ngati mabulosi, m'mbali ngati njerwa. Wobweretsa chakumwa ndiye amayamba kulawa, choncho ndinanyamula tambula n'kununkhiza.

Munalibe kanthu. Munkamveka ngati m'nyumba imene yakhala yotseka chaka chathunthu.

"Wafa eti?" anatero Agata. "Ndinadziwa. Mwawadzutsira ababa mtima ndi madzi a m'dambo."

"Bambo anati tisafulumire, apume," ndinatero.

"Ndiye tiyimbe," anatero a Venansio. "Munthu sadikira chimanjamanja."

Anatsinzina, chala chinapeza malo ake pachifuwa, ndipo anayambitsa nyimbo ina yaitali ya kuthokoza imene tinkayimba pachitunda. Agata analowa pa ndime yachiwiri monyinyirika, ine pa yachitatu. Tinayimba ndime zonse, ngakhale zimene anthu amadumpha. Titamaliza, Agata anakweza mutu.

"Ndani akuyanika fodya m'mudzi muno?"

Sanali wa m'mudzi. Ndinanyamulanso tambula. Chigafa cha Mai Nachisale chinali momwemo, tsamba lija linakula ndi ludzu. Kumbuyo kwake kunabwera shedi ya a Dzimbiri, thabwa longopala kumene. Kenaka pansi pa chitsime, pamene khasu latsala pang'ono kupeza madzi, ndipo ndinamva ngati Filomena akuitana pamwamba. Ndinamwa pang'ono. Kunyung'unya kumene mkulu wa Bambo Remi analavula kunali kutatha. Kunatsala kugwira kofewa, ngati dzanja la munthu wokudziwa. Sanali wotsekemera, sanali wowawasa, sanalinso wolemera. Zonse zinali pamalo pake, palibe chokuwa kuposa chinzake, ngati kwaya imene yayimba pamodzi zaka zambiri. Mabulosi anabwera pomaliza, ndipo nditameza anakhalabe.

"Ali moyo, aphunzitsi."

Ndinati ndiwanyamule mutu kuti amwe ali chigonere. Anakana.

"Chinthu chimene chagona zaka zonsezi chifukwa cha ine, sindingachilandire nditagona. Agata, ndidzutse."

Tinawadzutsa awiri, tinawatsamiritsa kukhoma. Anagwira tambula ndi manja onse awiri. Anayamba ayang'ana manjawo kanthawi, kenaka anamwa. Nkhuku inalowa m'nyumba, kuzungulira, n'kutulukanso.

"Mhm," anatero. "Akanandichotsa ntchito chifukwa cha uyu, bwenzi ndikumvetsa."

Agata anaseka mpaka kukhala pansi, ndipo tinamuthirira m'kapu yake ya tiyi. Anati akumvamo nthudza za kudambo la kwa amayi ake, ndipo sindinamutsutse. A Venansio anandifunsa za chaka chija, ndinawauza za chisanu, matalala ndi miyezi itatu ya dzuwa. Anagwedeza mutu ngati akumva za mbale wawo. Tinamwa pang'onopang'ono mpaka dzuwa kupendeka, ndipo tambula iliyonse inali yosiyana ndi inzake. Yomaliza inali yofatsa, ngati munthu amene wanena zonse anabwera nazo. Nsenga tinazisiya pansi.

Lamulungu tinawanyamula pampando, amuna anayi. Titafika pawindo la tchalitchi, pamene pankakhala mwala wawo wokhalapo, onyamula anzanga anaima mwa chizolowezi.

"Mwaimiranji?" anatero a Venansio. "Khomo lili uko."

Anakhala kutsogolo. Nthawi ya zopereka anapempha kuti kabotolo ka vinyo wa pa Misa kadutse m'manja mwawo kasanafike pa guwa, ndipo wansembe, atamva nkhani yake, anatsika yekha kudzakalandira kwa iwo. Anakhala nafe mpaka mvula yotsatira, ndipo sanaphonye Lamulungu ngakhale limodzi.

Ine sindinapitirirenso. Ndimathirira anyezi m'dimba la Agata, ndipo kabokosi ka mkungudza timasungiramo mbewu. Botolo lopanda kanthu Agata analitsuka, anaikamo duwa, n'kuliimika pawindo pamene dzuwa limawomba. Tsiku loyamba kuliona, dzanja langa linanyamuka lokha kuti likaligoneke. Ndinalibweza. Liime, lagwira ntchito yake.

Tsono inu amene mwayenda nane mpaka pano, Mulungu amene amadziwa nyengo ya chipatso chilichonse akusungeni pa chisanu, pa matalala ndi pa dzuwa. Ngati pali munthu amene mawu anu anamusiya panja, akupatseni miyendo yokamufuna, ndipo mukamupeze akadali moyo. Ngati ndinu amene mwaima pawindo, akutumizireni wokuuzani kuti manja anu ndi oyera. Mtendere wake ukhale pa inu ndi pa nyumba yanu. Amen.